Phulusa la ku Nchalo

Akatentha mizimbe usiku
kumacha phulusa litatera pa zovala zoyanika,
pa makope a ana, pamwamba pa madzi mu ndowa.
Sitidandaula. Kalata yathu ndi imeneyi:
lero kuli ntchito.

Bambo anga, Alufandika, anafika kuno ndi chikwanje chobwereka
ndi Chisena chimene kapitawo ankachiseka.
Ankati miyezi isanu ndi umodzi basi,
akagula njinga abwerera kwawo kutsidya.
Njinga inagulidwa. Inatha matayala, inaduka tcheni.
Iwo agona uko, kuseri kwa mlambe,
pafupi ndi Mlomwe wina amene anatsika phiri la Thyolo
akunenanso za miyezi isanu ndi umodzi.

Mukafunsa mwini tauni ino, yense aloza mnzake.
Amang'anja amati munatipeza tikupirikitsa mbalame m'mapira
pomwe paima maminibasi apa.
Enafe tinabwera ndi madzi osefukira,
ena ndi nkhondo, mphasa pamutu,
ena ndi mphekesera chabe
yoti kuchigwa ndalama imamera m'mizere.

Msika unamera pa tsiku la malipiro.
Kenaka telala, kenaka bala, kenaka tchalitchi
chodzapepesera za ku bala.

Ine ndimagulitsa tiyi pafupi ndi depoti.
Shuga ndimagula mugolosale, mtengo wa ku Limbe,
chonsecho fungo la fakitale ndi limene limandigoneka.
Mwezi ukafika pakati, odula mzimbe amati
thirani supuni imodzi, mayi, mano akuwawa.
Ndimadziwa si mano.
Ndimathira ziwiri, ndilemba imodzi m'kope.

Zuze wa kabaza ali pa tsamba lachitatu.
Ntsayi wa milamba yowamba analipira ndi nsomba.
Mkulu wa thonje wa ku Ngabu uja
akudikirabe kuti sikelo inene zoona.
Dzuwa la Okutobala silikongoza munthu,
limatolera lake tsiku lomwelo,
ndipo Shire akafuna lendi
amabwera yekha mpaka pakhomo.

Dzulo mwana wanga Fanita wapinda zovala m'chikwama.
Akuti ku Joni kuli ntchito ya m'nyumba,
miyezi isanu ndi umodzi basi, amayi,
ndikagula mashini osokera ndibwera.
Sindinayankhe.
Ndinangomusasa phulusa pa phewa,
lina n'kutsalira mu tsitsi.