Mowa wa Gelevazio

Unati ufika pakati pa Ogasiti,
basi ya ku Joni ikutsitsa pa chipata cha Dedza,
ndiye ndinaviika mawere nthawi ilipo,
chimera n'kumera, n'kuuma pamkeka,
uchi ndinakatenga pangongole kwa a Chidzanja.
Mowa unapsa pa tsiku lake.
Iwe ndiye zii.

Unali mumgolo wachitsulo uja
ndinagula hotela ya kuboma itagwa,
wa kampopi kodontha ngati mphuno ya mwana m'Juni.
Furiji ndilibe, ukudziwa,
ndipo waya wa magetsi sunapeze njira yakwathu.
Koma kuno ndi ku Bembeke,
chisanu sitigula.
Ndinaugubuduzira kuchipinda chosafika dzuwa,
n'kuuveka chiguduli chonyowa,
m'mawa ndowa ya madzi, madzulo ndowa ya madzi.
Mlamu wako akuti iye sindinamusamalepo chonchi
ngakhale ali ndi pakati pa Felista.

Kenako foni: abwana sanalipire, dikirani pang'ono.

Ndinadikira. Mwera unaleka.
Mapichesi anachita maluwa,
nkhungu inayamba kuthawa nkhuku zisanatsike.
Ndikagunditsa khutu pamgolo
ndinkamva kung'ung'udza m'katimo.
Mowa si chimanga, mphwanga,
choti uthira phulusa n'kukaiwala m'nkhokwe.
Uli ndi moyo, umapuma,
ndipo ukatopa ndi mlendo wosafika umasasa.

Ndinatolera mabotolo makumi anayi,
ena m'magolosale, ena kuseri kwa malo omwera.
Ndinawatsuka ndi mchenga, n'kuwawiritsa mumphika wa nyemba.
Kapaipi ka mpira ndinakayamwa kamodzi
(kawiri, ndisaname),
n'kukatsitsa mpaka pansi pa botolo
kuti thovu lisadzuke, nsenga zitsale kwawo.
Pakhosi ndinkasiya zala ziwiri,
shuga wa pansonga ya supuni,
chitsekerero n'kuchipana ndi kachitsulo
kamene Sikochi anandiwotcherera pamsika.

Kudimba, m'mbali mwa khwawa, pansi pa nthochi,
ndinakumba dzenje lolekeza m'chiuno,
ndinawaimika ngati ana asukulu pamzere,
n'kuwafunditsa mchenga wonyowa.
Asanu ndi atatu malo anawachepera.
Amenewo ndinawalonga kunsi kwa bedi.

Usiku wa Lachinayi, phuu!
Tisanapeze machesi, phuu winanso!
Mlamu wako anakuwa kuti akuba,
galu analusira chitseko chake chomwe,
a Chidzanja anafika ndi chikwanje, malaya atavala chotembenuza,
n'kutipeza tikutola magalasi ndi tochi ya foni.
Sabata yonse nyumba inanunkha chikondwerero
popanda ndi mmodzi yemwe wovina.
Shuga ndinachulutsa, ndavomera.
Koma kutentha ndi kwa Seputembala,
ndipo Seputembalayo unamubweretsa ndiwe.

Tsopano ndi Okutobala.
Khwawa lasanduka kankhosi kopyapyala,
nthochi zafota makutu.
Lero ndafukula botolo limodzi,
lozizirabe ngati mwala wa m'madzi.
Lalira bwino potsekula, tsiii,
thovu laima pakapu osathawa msanga,
uchi ukumveka, mawere akumveka,
koma kumapeto kwa lilime
kayamba kena kowawasa.
Ndikukadziwa kameneka. Sikabwerera m'mbuyo.

Loweruka ndili ndi aganyu okumba kachewere,
khumi ndi awiri, onse a khosi louma.
A Chidzanja nawo akufunsa za uchi wawo.
Usandide.

Ndakusiyira atatu pansi penipeni,
pamene mchenga ukadali kuchucha,
ndaikapo mwala woti mwana sangausunthe.
Ukafika pa Khirisimasi, monga ukunenera tsopano,
tidzapita kudimbako ndi khasu tili awiri.
Ukadzakhala utasasa tidzamwabe,
nkhope zitakwinyika, misozi ili m'maso,
ndipo udzandiuza
chimene zaka zisanu ndi chimodzi zakuchita iweyo
kumalo kotentha kumeneko,
kopanda wokuthira madzi m'mawa ndi madzulo.