Mizere Khumi ndi Inayi ya Dominga

Ndinakulembera mizere khumi ndi inayi, Dominga,
papepala long'amba m'kaundula wa sukulu,
n'kukuwerengera pansi pa msawu, pamsika wa Bangula,
dzuwa likuswa mtengo, ntchentche zikuzinga lichero lako la milamba.

Ndinati ndiwe duwa.
Unati, "Kuno maluwa ndi ndiwo za mbuzi."
Ndinati khungu lako n'losalala ngati dzira.
Unatambasula mwendo, kundionetsa zipsera za misundu
ya m'dambo lomwe unkamiramo pofukula nyika
chaka chija mapira anapsa asanabereke.
Ndinati mawu ako ndi a njiwa.
Unaseka mpaka wakabaza anacheuka n'kugwera mumchenga.
"Njiwa ingagulitse nsomba pamsika uno, aphunzitsi?"

Za mwezi sunandilole n'komwe kumaliza.
"Mwezi wanuwo unalipo usiku wa madzi ku Makhanga,
uli mbee, kuonerera nkhuku zikupita ndi Ruo.
Unanyamulapo ndani?"
Pepala lija unalilanda
n'kukulungiramo nsomba ya kasitomala.

Tsono ndayambiranso, ndipo sindibwerekanso kanthu kumwamba.
Ndilemba chidendene chako,
chong'aluka ngati dothi la makande mu Okutobala,
chomwe chinaponda matope usiku uja
mwana wa eni ali kumsana, mbuzi ili paphewa.
Ndilemba dzino lija linabenthuka ndi mzimbe wa ku Nchalo,
limene limaliza kakhweru ukamati "sindifuna."
Ndilemba utsi wowambira nsomba wokhala m'tsitsi mwako,
umene sopo wa m'golosale anaulephera kalekale,
ndi mkonono wako, womwe mlongo wako Zuze amalumbira
kuti umathamangitsa udzudzu mpaka kutsidya.

Ndikudziwa, mizereyi sikugwirizana kumapeto.
Ina yatalika, ina ikutsimphina,
yadutsa khumi ndi inayi ngati Shire wosamva za malire.
Usafunemo namwali wa m'mabuku uja,
wa khosi la mizeremizere, wosatuluka thukuta.
Ameneyo kuno sanafikeko;
akanasungunukira pa Thabwa basi isanaime.

Muli iwe wekha,
ndi chenje chako chomangidwa pakona ya chitenje,
ndi diso lako lija lowerengera ngongole,
ndi ine, wopusa, nditaima poyera ndi choko m'zala.

Ukafuna kukulungiranso nsomba, kulunga.
Koma nsombayo ikhale yanga,
ndipo ubwere nayo wekha madzulo.