Chipsera cha pa Chimbale

Ku Valparaíso, m'nyumba yokakamira paphiri,
Eulalia wafukula makatoni atatu a malemu bambo ake:
zimbale mazana awiri,
zonunkha nkhungu ndi fodya wakalekale.

Chimodzichimodzi akuchipukuta ndi kansalu kofewa,
natsitsa singano mwaulemu,
nthambo n'kumayamwa nyimbo, kukathira m'kompyuta.
Ntchitoyi imadana ndi phuma.
Mbali iliyonse idye mphindi zake makumi awiri,
iye ali phee, tiyi akuzizira,
sitima zikulira kudoko m'chifunga.

Kompyuta yafunsa: ndichotse kuthetheka?
Chotsa.
Nanga "thi! thi!" wa pa nyimbo yachitatu?
Chotsanso.
Nyimbo yatuluka mbee, ngati galasi lotsuka kumene.

Madzulo wailiza pabalaza.
Amayi ake, a Fresia,
amene mayina a adzukulu anawathawa kale,
akugwedeza mutu, chala chili m'mwamba,
kudikira.
Nyimbo yadutsa osapunthwa.

"Si imeneyi," atero.
"Ya Baldomero imatsimphina apa.
Tinkavina, chigongono changa chinagunda tebulo,
singano n'kulumpha,
iye n'kuseka mpaka kutsamwa."

Usiku Eulalia wabwerera pampando.
Wasolola chimbale chija m'chikuto chake chong'ambika,
wachipendeketsa kunyali:
kamzere koyera ako,
kosaposa chikhadabo.
Watsitsanso singano.
Kompyuta yabwereza funso lake lija.
Ayi, wayankha, kasiye komweko.

Ndipo fayiloyo waitcha dzina:
Yachitatu, ndi chigongono cha amayi.