Womasulira

Zaka makumi atatu ndinali pakamwa pa anthu ena.
Ku Khoti Lalikulu ndinkaima pakati pa woweruza ndi wozengedwa mlandu
ngati thabwa lowolokera ngalande ku Kanyama:
onse amapondapo,
palibe amene amalitembenuza kuona ngati lafumbwa.

Yotamu Sakala anabwera atavala jekete yobwereka,
manja ake opitirira zala.
Ankakankha wilibala ku Soweto,
makala, kabichi, chilichonse chopanda miyendo.
Anati: Ndinamupeza atagona m'mbali mwa njanji,
ndinamugwira.

Ndinamugwira.
Mayi amagwira mwana wotentha thupi.
Chigawenga nachonso chimagwira munthu, pakhosi.
Kwathu liwu ndi limodzi, Chingerezi chili ndi zitseko zambiri,
ndipo ine, nthawi itapitirira, m'mimba mukulira,
ndinatsegula chomwe chinali pafupi.
Cholembera cha woweruza chinayenda.
Sindinachiitane kuti chibwerere.

Anaonetsa malaya ake amagazi.
Koma magazi sanena ngati unabaya
kapena unanyamula.

Tsiku la chigamulo ndinamuuza ndine,
m'chiyankhulo chomwe amake ankamutonthozera kumsana,
kuti adzanyongedwa mpaka atafa.
Pamenepo sindinaphonye liwu ngakhale limodzi.
Anandiyang'ana nati: Zikomo, akulu.
Ankayesa ndine ndekha wakwawo m'nyumbamo.

Galimoto ya ndende inalowera msewu wa ku Kabwe.
Ine ndinakwera minibasi ya ku Chilenje,
n'kukangana ndi kondakitala nkhani ya chenji.

Patatha zaka khumi ndi zinayi,
m'wodi ya amuna ku UTH,
munthu wina wowonda ngati waya anaitanitsa wansembe
naulula za njanji ija, za mpeni,
za ndalama zomwe womwalirayo anabisa m'sokosi.
Nyuzipepala inalemba mizere isanu
pansi pa mitengo yatsopano ya feteleza.
Chingwe chinali chitaweruka kalekale.

Pepala ungalifufute.
Chitseko cha ndende ungachitsegule,
n'kupepesa, n'kupereka ya basi.
Khosi lilibe apilo.

Mlongo wake Zelipa amagulitsa tomato
pomwe wilibala ija inkaima.
Loweruka lililonse ndimakwera mabasi awiri
kukagula tomato amene sindimufuna.
Amandiikira mbasela, awiri, nthawi zina atatu,
amati: Atate, inu ndinu kasitomala wa mtima wabwino.
Kawiri konse ndatsegula pakamwa.
Kawiri konse ndafunsa mtengo wa anyezi.
Ine amene ndinayankhulira mbala, mboni zonama,
amasiye olandidwa nyumba,
ndasowa wondimasulira.

Tsiku lomwe wailesi inati lamulo lija alichotsa
ndinali kusita malaya.
Ndinaima mpaka kolala inapsa.

Usiku magetsi akazima ndimabwerera m'chipinda chija.
Woweruza wadikira, cholembera chili m'mwamba,
Yotamu akukwinya manja a jekete.
Tsopano mawu ndili nawo onse, ndimawayala mosathamanga:
anamufungatira, bwana,
anamutsamiritsa mutu pantchafu kuti usagunde chitsulo,
anakuwa, anthu osabwera,
anakhala naye mpaka thupi litazizira.
Ndimabwereza, ndimakonza, ndimabwerezanso.
Palibe akulemba.

Pawindo tomato wa sabata yatha wayamba kudontha.
Mdzukulu wanga akufunsa ngati amutaye.
Ndikuti: Musiye kaye.