Mitima Iwiri pa Sikelo

Ndabwereka sikelo ya nyama kwa Twaibu,
pamsika wa Kaphatenga,
ndiyeze injini, mitima iwiri ya ndege imodzi.

Uwu ndinauzula m'makina ochekera matabwa.
Umapapira petulo,
umalemetsa mphuno mpaka ndege kuwerama ngati mkamwini.
Uwo, wa masilinda awiri, Twaibu anabwera nawo ku Joni:
wopepuka, wosanjenjemera,
koma mtengo wake matumba asanu ndi anayi
a mpunga wa ku Lifuwu.

Mapiko ndinamata kale, atalika kuposa chitseko.
Ndikufuna idzauluke chagada,
idzaime njo ndi mchira pamwamba pa dambo,
ine pansi, zala pa rimoti, kukamwa yasa.

Amake Shakira akuti denga likudontha.
Twaibu akuti bweza sikelo, mbuzi yafika.

Ndanyamula wolemerawo.
Ndauikanso pansi.