Dzina la pa Chitsulo

Zaka zisanu ndi zinayi ndinkalipukuta dzinalo
m'mawa uliwonse, belu la fakitale lisanalire kachiwiri:
kachitsulo kokhomedwa pambali pa makina odulira tiyi,
zilembo zotukuka ngati mphini.
Sindinkadziwa kuti ndikupukuta nkhope
ya munthu amene ndidzamusumire.

Linali Lachinayi, chiperoni chitakuta Thyolo,
masamba onyowa atatsamwitsa mano a makina.
Ndinapisa dzanja monga tinkachitira tonse.
Chotchinga panalibe. Sichinagwe, sichinabedwe,
anabwera choncho m'bokosi mwake, kukamwa kuli yasa.
Batani lozimitsira lili kuseri,
mapazi asanu ndi limodzi kuchokera poima munthu.
Mulimbika anathamanga mapaziwo.
Ndinawawerenga.

Tiyi wa tsiku limenelo akuti anamutaya.

Kampani inandilipira za m'buku:
chala chakuti, mtengo wakuti,
ngati milu ya tomato pamsika wa Luchenza.
Koma mayi Nakhumwa, loya wa nsapato zafumbi,
anati, "Bambo Likhutcha, wokulembani ntchito wapereka zake.
Nanga amene anasula chilombochi?"

Kalata inawoloka nyanja.
Yankho linafika chimanga chitacha kale.
Akuti tsamba 43 la buku lawo linachenjeza.
Bukulo tinalipeza m'kabati ya injiniya,
theka chiswe chitadya,
theka linalo m'chinenero
choti ngakhale bwana wamkulu amangoona zithunzi.
Akutinso chotchinga chimagulidwa padera.
Padera!
Kugulitsa njinga pamtsetse wa ku Thekerani
n'kunena kuti mabuleki ndi mtengo wina.

Mlandu auimitsa kanayi ku Blantyre.
Ndimakwera minibasi dzanja lili m'thumba
kuopa maso a ana.
Mkazi wanga ndiye amandimanga mabatani a malaya,
sayankhula, amangowamanga mpaka pakhosi.

Ndamva kuti Mulimbika anawotcherera waya pakamwa paja,
zotsala za geti lakale, ntchito ya theka la ola.
Mtengo wake sunafike
pa ndalama ya ulendo wanga umodzi wa kukhoti.

Dzulo kalaliki, osadzutsa mutu,
anandikankhira inki ndi pepala.
"Dindani apa. Chala chachikulu chakumanja."
Ndinatulutsa dzanjalo, ndinaliika pa tebulo
pafupi ndi dzina lija, lotayipidwa bwinobwino.
Anayang'ana. Anasegula kabuku ka malamulo ake,
kufufuza pamene analemba
zochita ngati chalacho palibe.