Kapitawo wa Maphukusi

Ku Tartu mdima wagwa folo koloko isanakwane,
mtsinje wa Emajõgi waundana mpaka pansi pa mlatho,
ndipo pa kompyuta yanga pali kamtanda kofiira
pomwe dzulo panali pobiriwira.
Raivo walumbira kuti sanakhudze kanthu,
dzanja lili pa kapu ya khofi wozizira.

Makina oyesa ntchito yathu sitinawaonepo.
Amabadwa tikangotumiza zomwe talemba,
opanda dzina, opanda chida ngakhale chimodzi,
amapuma mphindi zisanu ndi ziwiri,
kenako n'kufa osasiya ndi phulusa lomwe.
Ndiye chilichonse uwauze, mzere ndi mzere:
tenga chilankhulo ichi,
ika kapitawo wa maphukusi,
iyeyo aitane maphukusi mazana anayi,
lililonse litabereka abale ake kumsana.

Pa mzere wa khumi ndi chinayi wina analemba kuti
ika watsopano.
Winayo ndine, mu Juni, ndikuthamangira basi.
Usiku wathawu watsopanoyo wabadwa kwinakwake,
wafika, wasuzumira mndandanda wathu wokiya ndi loko,
wati kalembedwe aka sindikadziwa,
wabwerera pakhomo.

Ndafufuta liwu limodzilo.
Ndalemba 9.4.1, ndaikhoma ngati msomali.
Nkhokwe ya maphukusi ndaisinthira kiyi
kuti makina asatolenso zovunda za dzulo.
Ndatumiza. Kadontho kachikasu kayamba kuzungulira.

Podikira ndakumbuka pepala
lomwe ndinamata pa fuliji ya bambo ku Elva:
Ketulo ili kumanzere.
Mapiritsi awiri oyera, osati abuluu.
Amayi sabwera, musawadikire.
Leelo afika Lachisanu usiku.
Poyamba ndinkangolemba kuti imwani mankhwala, basi.
Tsiku lina anamwa a usiku m'mawa,
Aunty Helve n'kuwapeza ali mtulo pampando,
nsapato imodzi kuphazi, wailesi ikulankhula yokha.

Mphindi yachisanu ndi chimodzi.
Raivo wavala kale chikhoti, akusaka magolovesi.
Pabiriwira.

Akuti tiye, ndati tsogola.
Ndatsegulanso fayilo ija, pamwamba pa nambala ndalemba:
osasintha musanandifunse.
Ndayang'ana kwakanthawi, ndafufuta,
ndalemba chifukwa chake chonse, mizere itatu,
poti wodzawerengayo mwina sadzandipeza,
mwinanso ndidzakhala ine ndemwe, nditaiwala.

Basi ya ku Elva inyamuka posachedwa.
M'chikwama muli mkate wakuda, selotepi
ndi cholembera chachikulu, chonenepa inki.